Mwabukitsa kale ulendo wa pa sitima yapamadzi? Umu ndi momwe mungausamutsire kwa ejenti n'kupezapo kangachepe

Anthu ambiri amene amakwera sitima zikuluzikulu zokasangalala panyanja, zija amati cruise, amabukitsa okha pa intaneti. Mumalowa pa webusaiti ya kampani usiku ana atagona, kusankha tsiku, kusankha chipinda, kulipira dipoziti, basi. Pakatha mlungu mumamva mnzanu akunena kuti iye, sitima yomweyo, tsiku lomwelo, chipinda chofanana ndi chanu, anamupatsa $200 yoti akadyere m'sitimamo chifukwa anadzera kwa ejenti wogulitsa maulendo. Mtima umawawa ndithu. Koma ngati masiku sanathe, ndalamayo mungathe kuipeza nanunso osafufuta booking yanu. Makampani ambiri a sitimazi amalola kuti booking imene munapanga nokha muipereke m'manja mwa ejenti, chipinda n'kukhala chomwecho, mtengo womwewo, dipoziti yomweyo.

Mchitidwewu ndi wozolowereka kwambiri ku America ndi ku Canada, pa maulendo onyamukira ku madoko monga Miami, Port Canaveral, Galveston kapena Seattle, ndipo zambiri zimene ndilembe pano zikuchokera kumeneko. Za ku Britain ndi ku South Africa ndizikhudzako pamene zikusiyana.

Muyambe mwadziwa kumene ndalamayo ikuchokera

Ejenti sakupatsani mphatso chifukwa chakuti wakukondani. Kampani ya sitima imamulipira komishoni pa booking iliyonse imene ili m'dzina lake, kawirikawiri pakati pa 10 ndi 16 peresenti, malinga ndi kuchuluka kwa anthu amene ofesi yake imatumiza pachaka. Mukabukitsa nokha, komishoniyo kampani imangoisunga, ndipo inu simutsitsiridwa ngakhale senti. Mukasamutsira booking kwa ejenti, iye amalandira komishoni pa ntchito imene sanakhetsere thukuta, chifukwa kufufuza ndi kusankha munachita kale nokha. N'chifukwa chake amalolera kukugawiraniko.

Koma komishoni siwerengedwa pa ndalama yonse imene mukulipira, ndipo apa ndi pamene anthu amayembekezera zambiri n'kudzakhumudwa. Misonkho ndi ndalama za madoko zilibe komishoni. Makampani ambiri amapatulanso kagawo kena ka mtengo kamene amati non-commissionable fare, kamenenso ejenti sadyapo. Tiyerekeze kuti inu ndi akunyumba mwabukitsa chipinda chokhala ndi khonde kwa masiku 7, zonse pamodzi $3,000. Tinene kuti $400 ndi misonkho ndi madoko, $300 ndi kagawo kopanda komishoni kaja. Zatsala $2,300. Pa 15 peresenti ejenti apeza $345, ndipo ngati amagwira ntchito pansi pa ofesi ina yaikulu, agawananso ndi ofesiyo. Ameneyo akakulonjezani $150 kapena $200, wachita zotheka. Akakulonjezani $600, funsani kuti ikuchokera kuti, chifukwa masamu ake sakutuluka.

Chinanso: makampani ambiri a ku America salola ejenti kulengeza mtengo wotsika kuposa wa kampaniyo. Choncho "kuchotsera" kumene tikunena kuno nthawi zambiri sikuoneka pa mtengo weniweniwo. Kumabwera ngati banyira: ndalama yoikidwa pa akaunti yanu ya m'sitima, imene amati onboard credit, kukulipirirani gratuities, ndalama zothokozera antchito zimene sitima zambiri zimadula tsiku ndi tsiku, pafupifupi $16 mpaka $20 munthu mmodzi, chakudya chamadzulo kumalo odyera olipiritsa, kapena khadi yogulira zinthu imene amakutumizirani mukabwerako. Gratuities zokha, anthu awiri masiku 7 pa $18, ndi $252. Si ndalama yoipeputsa.

Pali njira inanso imene mtengo umatsikiradi: ngati ofesi ya ejentiyo inagwiriratu zipinda zambiri pa ulendo womwewo pa mtengo wa gulu. Imeneyo ndibwereranso, chifukwa ili ndi minga yake.

Gawo 1: Werengani masiku lero lomwe

Musanayimbire aliyense, tsegulani imelo yotsimikizira booking yanu muone tsiku limene munabukitsa. Pali maloko atatu, ndipo limodzi lokha likatseka, nkhani yatha.

Loyamba ndi masiku. Royal Caribbean, Celebrity ndi Disney Cruise Line amapereka masiku 30 kuchokera tsiku lobukitsa. Makampani ena amapereka ochulukirapo, ndipo malamulowa amasinthidwa kawirikawiri. Royal Caribbean yomweyi kale inkapereka masiku 60. Musadalire zimene mnzanu anachita zaka zitatu zapitazo. Musaganizenso kuti makampani a mwini mmodzi ali ndi lamulo limodzi: Carnival, Princess, Holland America, Cunard ndi P&O Cruises onse ali pansi pa Carnival Corporation, koma aliyense ali ndi ndondomeko yake. Imbirani kampani yanu mufunse funso limodzi lolunjika: "Tsiku lomaliza loti ndisamutsire booking iyi kwa ejenti ndi liti?" Lembani tsikulo, dzina la amene wakuyankhani, ndi nthawi imene munayimba.

Lachiwiri ndi nyengo yomalizira kulipira. Sitima zambiri zimafuna ndalama yonse masiku 75 mpaka 120 ulendo usanayambe. Mukalowa m'nyengo imeneyo, kusamutsa sikuthekanso, ngakhale mutabukitsa dzulo.

Lachitatu ndi limene limagwetsa anthu abwinobwino, osafuna ngongole: booking isakhale yolipiridwa yonse. Mlamu wanga anachita zimenezi. Ndi munthu woti akakhala ndi ngongole tulo sabwera, ndiye atangolandira malipiro anamalizira ndalama yonse ya ulendo wa chikumbutso cha ukwati wawo, miyezi isanu ndi itatu nthawi isanakwane. Madzulo ake anandiyimbira mosangalala kuti tsopano ndimulozere ejenti uja. Tinayesa. Mayi wa pafoni ku kampaniyo anayankha mwaulemu kwambiri kuti balansi ndi ziro, palibe chimene angachite. Masiku 30 anali asanathe n'komwe, anali atangodutsa 9. Choncho ngati mukuganiza zosamutsa, lipirani dipoziti yokha, manja m'thumba, mpaka zitatheka.

Palinso nkhani ya ndalama ya dziko. Booking imene munapanga pa webusaiti ya ku America m'madola imafuna ejenti wogulitsa m'madola pa msika womwewo; ya m'mapaundi imafuna wa ku Britain. Mukangolipirapo kanthu, mtundu wa ndalama susinthidwanso. Abale athu okhala ku Leeds kapena ku Manchester asatengeke ndi banyira amene akumuona kwa maejenti a ku Florida ngati anabukitsa m'mapaundi ulendo wonyamukira ku Southampton. Ndiponso ku Britain ndi ku South Africa si kampani iliyonse imene imakhala ndi khomo lotseguka chonchi, ndiye funso loyamba kumeneko likhale lakuti kodi amalola n'komwe.

Gawo 2: Konzani zonse booking idakali m'manja mwanu

Ili ndi gawo lalifupi koma anthu amalidumpha. Panopa mungathe kuyimbira kampani nokha n'kusintha chilichonse. Mawa simudzatha. Ndiye ngati chipinda chanu chili pansi pa malo ovinira ndipo mukufuna china, sinthani lero. Ngati dzina lalembedwa mosiyana ndi la pa pasipoti, konzani lero. Ikani nambala yanu ya umembala ngati muli nayo, kaya ndi Crown & Anchor Society ya Royal Caribbean, Captain's Club ya Celebrity, Latitudes Rewards ya Norwegian kapena MSC Voyagers Club. Sankhani nthawi ya chakudya chamadzulo. Mukatha, pemphani invoice yatsopano pa imelo, muisunge, muisindikizenso pa pepala. Pepala limeneli ndilo mboni yanu.

Gawo 3: Funsani maejenti atatu, osati mmodzi

Pamsika sitigula tomato pa benchi yoyamba. Lemberani maejenti atatu uthenga umodzimodzi, waufupi. Muuzeni dzina la sitima, tsiku lonyamuka, mtundu wa chipinda pamodzi ndi kachizindikiro kake ka zilembo ndi manambala kamene kali pa invoice, chiwerengero cha anthu, mtengo musanaphatikize misonkho, dipoziti imene mwalipira ndi ngati ili yobwezedwa kapena ayi, zabwino zimene kampani inakupatsani kale, ndi tsiku limene munabukitsa. Kenako funso: "Ndikasamutsira kwa inu, mundipatsa chiyani?"

Nambala ya booking musaitumize pa uthenga woyambawu. Idzafunika mukasankha.

Mayankho akabwera, musathamangire nambala yaikulu. Ine zimene ndimayang'ana kwenikweni ndi izi.

Kodi pali ndalama imene amadula mukasintha kapena kufufuta ulendo? Maofesi ena amene amapereka banyira wamkulu amabweza ndalamayo pokulipiritsani $50 kapena $100 pa munthu mukangosintha maganizo, kuwonjezera pa chilango cha kampani ya sitima. Ngati ulendo udakali kutali chaka chathunthu ndipo moyo wanu ndi wosinthasintha, funso ili ndi lofunika kuposa onse.

Kodi khadi yanu adzaidula ndani? Yankho labwino ku America ndi lakuti ejenti amangopereka nambala ya khadi yanu ku kampani ya sitima, ndipo pa sitetimenti ya ku banki pamatuluka dzina la kampaniyo. Ejenti akanena kuti mutumize ndalama ku akaunti yake, iye adzalipira, makamaka akati mutumize pa njira zopatsirana ndalama pafoni, chokanipo. Ofesi yake ikagwa ndalama yanu isanafike ku sitima, mulibe chipinda, mulibe ndalama. Ku Britain n'zozolowereka kuti ejenti alandire ndalamayo yekha, n'chifukwa chake kumeneko muyenera kutsimikiza kuti ndi membala wa ABTA, bungwe la makampani ogulitsa maulendo, ndipo ngati ulendowo ukuphatikiza ndege, akupatseni chikalata cha ATOL, chimene chimateteza ndalama yanu kampani ikagwa.

Kodi mtengo ukatsika adzakuthandizani? Mitengo ya sitimazi imakwera ndi kutsika ngati ya chimanga. Pa msika wa ku America, mtengo ukatsika tsiku lomalizira kulipira lisanafike, makampani ambiri amalola kuti booking iwerengedwenso pa mtengo watsopano. Mukakhala nokha, mumangoyimba. Mukakhala ndi ejenti, ayimbe ndi iyeyo, ndipo dziwani kuti mtengo ukatsika komishoni yake imatsikanso, mwina banyira wanu naye n'kuchepa. Mufunseni poyera. Wachilungamo adzakuuzani.

Kodi amayankha Loweruka ndi Lamlungu? Mitengo yotsika imakonda kutulukira kumapeto a sabata n'kutha Lolemba lisanache. Ine ndimachita dala kutumiza funso limodzi Loweruka masana, ndione kuti yankho libwera liti. Amene amachedwa kuyankha pamene akufuna ndalama yanu, mukadzamupatsa adzachedwa kuposa apo.

Kodi banyirayo adzabwera liti, ndipo ndi wamtundu wanji? Onboard credit ili pawiri: ina mukapanda kuimaliza amakubwezerani pa khadi, ina ikatsala yapita. Yochokera m'thumba mwa ejenti nthawi zambiri imakhala yobwezedwa, ya kampani kawirikawiri ayi, koma musangoganizira. Ndipo maejenti ambiri amaiika mukamaliza kulipira, mwina masabata ochepa ulendo usanayambe, ndiye musadabwe kusaiona tsiku lotsatira.

Pomaliza, tsiku lomalizira kulipira. Maofesi ena amafuna ndalama masiku angapo kapena masabata tsiku la kampani lisanafike. Si chinyengo, amadzitchinjiriza, koma muyenera kudziwa kuti mukonzekere.

Onetsetsaninso kuti munthuyo ndi ejenti weniweni, osati dobadoba wa pa Facebook. Ku America ofesi yeniyeni imakhala ndi nambala ya CLIA, bungwe la makampani a sitimazi, kapena ya IATA, bungwe la makampani a ndege, ndipo madera monga California ndi Florida amafuna kuti ogulitsa maulendo alembetse ku boma. Ku South Africa funsani ngati ali mu ASATA, bungwe la maejenti a maulendo kumeneko. Chosangalatsa n'chakuti kusamutsaku kumasefa kokha: kampani ya sitima singapereke booking kwa munthu amene sali m'kaundula wake.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ena adzatsutsa: pakati pa ofesi yaikulu yolonjeza $220 kumene mumadikira pafoni theka la ola n'kulankhula ndi munthu wosiyana tsiku lililonse, ndi mayi mmodzi wolonjeza $160 amene amayankha WhatsApp, ine ndimatenga mayiyo. Kusiyana kwa $60 mudzakuiwala. Tsiku limene mphepo yamkuntho yatseka doko ndipo ndege yanu yalephereka, simudzaiwala amene anakuyankhani.

Za mtengo wa gulu uja

Ejenti wina adzakuuzani kuti ali ndi gulu pa ulendo wanu ndipo angakutsitsireni mtengo ndi madola mazana angapo. Nthawi zina ndi zoona ndipo ndi mwayi waukulu, makamaka ngati iwo anagwira zipindazo kalekale mitengo isanakwere. Koma kulowa m'gulu kumatanthauza kuti booking yanu iwerengedwanso pa malamulo ena. Zabwino zimene munapeza pobukitsa, monga zakumwa zaulere, intaneti, kapena mwana kukwera osalipira, mwina sizingayendere limodzi ndi mtengo wa gulu. Dipoziti ingathe kukwera. Tengani pepala, mulembe mbali ziwiri: zimene muli nazo lero ndi mtengo wake, zimene mudzakhale nazo ndi mtengo wake. Ndinaonapo banja likusangalala kuti lapulumutsa $300, osazindikira kuti lataya zakumwa zimene likanalipira zoposa pamenepo. "Gulu" pano sikuti mudzayenda kapena kudya ndi anthu amenewo. Ndi nkhani ya m'mabuku chabe, mwina simudzawadziwa n'komwe.

Gawo 4: Zonse zilembedwe musanasayine

Mukasankha, pemphani imelo imodzi yonena momveka kuchuluka kwa banyira, kaya ndi pa chipinda kapena pa munthu, tsiku limene adzaikidwe, ndalama zimene ofesiyo imadula, ndi chiganizo chakuti mtengo, chipinda ndi zabwino zimene zilipo sizisintha. Mawu oti "pa chipinda" ndi "pa munthu" asiyanitseni bwino. $100 pa munthu ndi $100 pa chipinda si zofanana kwa banja la anthu anayi. Zolonjezana pafoni zimauluka ndi mphepo. Akakana kulemba, ndiye kuti wakuthandizani kusankha.

Chifukwa chake n'chakuti njirayi ndi yolowera kumodzi. Booking ikalowa kwa ejenti, kuichotsako n'kovuta. Kuti ipite kwa ejenti wina kapena ibwerere kwa inu, ofesi yoyambayo iyenera kuvomera kuimasula, ndipo palibe chimene chimaikakamiza kutaya komishoni yake.

Gawo 5: Fomu

Pempho liyenera kuchokera kwa inu mwini ulendo, osati kwa ejenti. Royal Caribbean ili ndi fomu ya pa intaneti. Makampani ena ali ndi fomu yoti musindikize, musayine, muijambule n'kutumiza pa imelo. Ejenti wabwino amadziwa njira ya kampani iliyonse ndipo amakutumizirani fomuyo atalemberatu mbali yake.

Zimene amafuna n'zochepa: nambala ya booking, dzina la sitima, tsiku lonyamuka, mayina a okwera, dzina la ofesi ya ejenti, dzina la ejentiyo, ndi nambala ya foni ya ofesiyo. Samalani ndi nambala ya foniyi. Makampani ambiri amazindikira ofesi pogwiritsa ntchito nambala ya foni imene inalembetsedwa kwa iwo, imene mwina si imene inu mumamuyimbira ejentiyo. Mukalemba ya m'manja mwake, fomu imabwerera. Mufunseni kuti, "Ndilembe nambala iti?"

Ngati mwabukitsa zipinda ziwiri, chanu ndi cha ana kapena cha amayi, chilichonse chili ndi nambala yake ndipo chimafuna fomu yake, yosayinidwa ndi munthu amene dzina lake lili m'chipindamo. Ndipo musadikire tsiku la 29. Kusamutsa kumatenga masiku angapo a ntchito, ndipo fomu ikabwezedwa chifukwa cha kalakwika kakang'ono muyenera kukhala ndi mpata wotumizanso. Ine ndimafuna kuti pofika tsiku la 20 fomu ikhale itapita. Sungani umboni wa tsiku limene munatumiza. Pakadutsa masiku atatu kapena anayi muli chete, funsani ejenti ngati booking yayamba kuoneka pa kompyuta yake.

Gawo 6: Yerekezani mapepala awiri

Zikatheka, ejenti akutumizireni invoice yatsopano. Tengani pepala lija munasindikiza, muike awiriwa pambali pa mnzake, cholembera m'manja. Nambala ya booking ikhale yomweyo. Nambala ya chipinda yomweyo. Mtengo, misonkho, dipoziti yolipiridwa, balansi, tsiku lomalizira kulipira, nthawi ya chakudya, zabwino za kampani, kalembedwe ka mayina. Ngati munali ndi zipinda ziwiri zolumikizidwa kuti muzidyera pa tebulo limodzi, onani ngati zidakali zolumikizidwa. Chilichonse chimene chasowa, nenani tsiku lomwelo, nkhani idakali yotentha.

Kenako ikani tsiku lomalizira kulipira mu foni yanu, ndi chikumbutso cha masabata awiri lisanafike. Kuyambira tsopano makalata ambiri okhudza ndalama azipita kwa ejenti, osati kwa inu, ndipo tsikulo likadutsa osalipira, kompyuta ya kampani imafufuta booking popanda kufunsa kuti walakwa ndani. Amene mukulipira ndi khadi ya banki ya ku Malawi, pamene ndalama zakunja zimavuta komanso makhadi ali ndi malire a zimene mungalipire kunja, yambani kulipira pang'onopang'ono kusamutsa kukangotheka, osadikira kuti mudule zonse tsiku limodzi. Mukalipira, lowani pa akaunti yanu ya pa webusaiti ya sitima muone ngati balansi yatsikadi.

Chimene mwagulitsa

Apa ndi pamene ndikufuna muime pang'ono, chifukwa banyira uja simunamupeze ulele. Mwagulitsa ufulu wolankhula ndi kampani pa za booking yanu. Tsiku loyamba limene zinandichitikira ndinadabwa. Ndinaona chipinda chabwino chatseguka pakati pa sitima, pamene sipagwedezeka kwambiri, ndiye ndinayimba ngati kale. Mnyamata wa pafoni anandifunsa nambala, anakhala kaye chete, kenako anati booking iyi ili ndi ejenti, ayimbe ndi iyeyo. Ndinati ndine mwini wake, ndalama ndi zanga. Anati akumvetsa, koma sangakhudze chilichonse. Linali Lamlungu madzulo. Pofika Lolemba m'mawa chipindacho chinali chitapita.

Zimene zimadzera kwa ejenti ndi zonse zokhudza mtengo, chipinda, mayina, kulipira ndi kufufuta. Zimene zimatsala m'manja mwanu ndi zambiri ndithu: kulembetsa pa intaneti musanakwere, kusankha nthawi yofika padoko, kugula maulendo okaona malo sitima ikaima, zakumwa, intaneti, malo odyera ndi zisudzo. Zonsezi mumapitiriza nokha pa app kapena pa webusaiti ya kampani.

Nkhani ya viza ndi yanunso, ejenti kaya alipo kaya palibe. Ejenti wa ku America wazolowera makasitomala a pasipoti ya kwawo ndipo sangaganize n'komwe kuti inu muli ndi ya Malawi kapena ya Zambia. Muuzeni. Ulendo wa ku Alaska umene umaima ku Victoria kapena ku Vancouver umafuna kuti nkhani ya viza ya Canada ikhale yokonzeka ngakhale mulibe maganizo otsika, ndipo wa ku Mediterranean umafuna ya Schengen, viza yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya. Padoko akakubwezani chifukwa cha mapepala, ndalama sabweza.

Pamene kusamutsa kulibe phindu

Ulendo waufupi wotchipa, monga wa masiku atatu kapena anayi umene kampani ya MSC imayendetsa kuchokera ku Durban kupita ku Portuguese Island kapena ku Pomene ku Mozambique, komishoni yake ndi yochepa moti ejenti alibe choti agawe. Mukapezapo kanthu, ndi kakang'ono, kosayenera kutayira ufulu wanu. Chimodzimodzi mitengo yapadera imene kasino ya m'sitima imapereka kwa otchova juga, kapena ya antchito a makampani a maulendo: komishoni imakhala yochepa kapena palibiretu. Ndipo ngati ndinu munthu wokonda kusuzumira mitengo m'mawa uliwonse n'kusintha chipinda katatu, khalani nokha, mudzangotopetsana ndi ejenti.

Phindu lenileni lili pa maulendo a masiku 7 kupita m'tsogolo, zipinda za khonde kapena zazikulu zapamwamba zimene amati suite, ndi mabanja otenga zipinda zingapo.

Ngati masiku anatha kale, pali kanjira kamodzi. Dipoziti yanu ikakhala yobwezedwa ndipo nyengo imene amadula chilango mukafufuta sinayambe, ejenti angathe kukugwirirani chipinda chatsopano pa mtengo wa lero, inu n'kufufuta chakalecho. Zimathandiza pokhapokha mtengo wa lero uli wofanana kapena wotsika. Ndipo dongosolo lake ndi limenelo: chatsopano chigwidwe kaye, chakale chifufutidwe pambuyo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dipoziti ikakhala yosabwezedwa, iwalani, mudzachita bwino ulendo wina.

Mukabukitsa muli m'sitima

Njira imene anthu ozolowera amapezera mbali zonse ziwiri ndi iyi. Sitima zambiri zili ndi kaofesi kogulitsa maulendo a m'tsogolo. Ku Royal Caribbean amati NextCruise, ku Norwegian amati CruiseNext. Mukabukitsa pamenepo mumapeza dipoziti yotsika kapena onboard credit ya kampani, ndipo ku Disney amachotsera 10 peresenti pa maulendo ambiri. Booking imeneyo mungaiperekenso kwa ejenti, iye n'kuwonjezerapo banyira wake pamwamba.

Msampha wake ndi umodzi. Ngati ulendo umene mulipowo munabukitsa kudzera kwa ejenti, wa pa desiki nthawi zambiri amalemba booking yatsopanoyo m'dzina la ejenti yemweyo osakufunsani. Ngati mumamukonda, zili bwino, ntchito yachepa. Ngati mumafuna kusintha, nenani musanasayine kuti ikhale m'dzina lanu, ndipo muwerenge pepalalo musananyamuke pampando. Pitani masiku oyambirira a ulendo. Tsiku lomaliza pamakhala mzere wautali ndipo aliyense amasayina mothamanga. Masiku 30 aja amayamba kuwerengedwa pomwepo, muli pakati pa nyanja, osati tsiku limene mwafika kunyumba.

Tsiku lokwera

Imelo ija ya malonjezo muisindikize, muiike pamodzi ndi pasipoti, chifukwa intaneti ya m'sitima ndi yolipira ndipo mwina simudzatha kuitsegula pa foni. Mukalowa m'chipinda, tsegulani akaunti yanu pa TV kapena pa app. Onboard credit nthawi zina imaoneka tsiku lachiwiri, ndiye usiku woyamba musavutike. Ikapanda kuoneka pofika madzulo a tsiku lachiwiri, pitani ku Guest Services, desiki yothandiza okwera, ndi pepala lanu, nthawi imene anthu ali ku chakudya kuti mzere ukhale waufupi. Iwo angaone zimene zinatumizidwa koma sangakupatseni zimene ejenti sanalipire, choncho mulembereninso ejentiyo uthenga tsiku lomwelo, ndi nambala ya booking ndi ya chipinda, kuti aikonze sitima isanabwerere padoko.